Kulumika kwabwerera ndi makapu: kodi kumachizadi msana wa mlimi wa fodya?

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, m'minda ya fodya ya ku Kasungu munthu amawerama mame asanaume mpaka dzuwa lifike paliwombo. Masamba oyamba kukhwima amakhala a m'munsi, choncho wothyola amayenda mzere wonse msana uli chopindika. Akaweruka kumeneko, kunyumba kukumudikira kusoka ndi kukweza mikangala m'chigafa, ndipo pambuyo pake kusankha ndi kudinda mabelo oti apite ku Chinkhoma. Nyengo imeneyi dandaulo la alimi ambiri, kaya ndi a ku Santhe, Chamama, Chulu kapena Wimbe, limakhala limodzi: msana, khosi ndi mapewa zikupweteka, thupi lonse laphwanya.

Ena amagula Panado pagolosale, ena amathowa ndi madzi otentha. Akuluakulu amakumbukabe nyanga yolumikira. Achinyamata nawo akuona pa Facebook ndi TikTok anthu atagona chafufumimba, pamsana atawandandalika timakapu ta pulasitiki, ndipo akuuzidwa kuti imeneyi ndi njira yamakono yomasulira minofu ndi kuchotsa zoipa m'thupi. Pachingerezi njirayi amaitcha cupping, ndipo umodzi mwa mitundu yake ndi myofascial cupping.

Funso limene makolo ndi mavolontiya a zaumoyo akufunsa ndi lomveka: kodi zimathandizadi? Yankho lalifupi ndi lakuti kulumika kopanda kutema kungapepuze minofu yotopa kwa kanthawi, koma sikuchiza chimene chayambitsa ululu. Ngozi yake yaikulu ili pawiri: lumo, ndi kuchedwa kupita kuchipatala pamene ululuwo si wa minofu.

Kulumika si kwachilendo

Makolo athu ankalumika kalekale. Wolumika ankatenga nyanga yaing'ono yoboola kunsonga, n'kutema mphini zingapo pamalo popweteka. Akaika kukamwa kwa nyanga pakhungu, ankayamwa mpweya kudzera pakabowo kaja, kenako n'kutsekapo msanga ndi phula. Nyangayo inkamatirira yokha mpaka magazi atuluke.

Si ife tokha amene tinkachita zimenezi. Mabuku a mankhwala a ku Egypt a zaka zoposa 3,000 zapitazo amatchula za kulumika. Ku China dzina lake lakale linkatanthauza njira ya nyanga, chifukwa nawonso ankagwiritsa ntchito nyanga za ziweto asanayambe nsungwi ndi magalasi. Aluya amati hijama, dzina limene abale athu achisilamu amalidziwa bwino.

Chimene chinakutchukitsanso masiku ano ndi masewero. Mu 2016, pa mpikisano wa Olympics ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil, katswiri wosambira wa ku America, Michael Phelps, anaoneka ndi madontho akuluakulu ozungulira, ofiirira, pamapewa ndi pamsana. Iye anapambana mendulo zisanu za golide pa mpikisanowo, ndipo anthu ambiri anaganiza kuti chinsinsi chili m'makapu. Anaiwala kuti munthu yemweyo anali atapambana kale mendulo 8 za golide ku Beijing mu 2008, ndiponso kuti ankalowa m'madzi kukachita zokonzekera pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zambiri.

Chimachitika n'chiyani pansi pa kapu?

Mwana akayamwa mpweya m'botolo lopanda kanthu, botololo limamatirira pamlomo ndipo mlomo umakokekera m'kati. Nyanga ndi kapu zimagwira ntchito chimodzimodzi. Mpweya wa m'kati ukachepa, mpweya wa kunja umakankhira kapu pathupi, ndipo khungu pamodzi ndi mnofu wa pansi pake zimatukukira m'mwamba. Wa nyanga amachotsa mpweya ndi pakamwa, wa makapu a pulasitiki amagwiritsa ntchito kapampu ka pamanja, pamene wa makapu a galasi amayamba walowetsamo lawi la moto kuti mpweya utenthe ndi kutuluka.

Mitundu ya kulumika ilipo iwiri ikuluikulu. Kulumika kouma n'kumene khungu silitemedwa ndipo magazi satuluka. Kulumika kwa magazi n'kumene amayamba atema mphini, monga mwa nyanga ya makolo ndi hijama. Myofascial cupping ili m'gulu la kulumika kouma.

Dzinali lisakuopseni. Myo ndi mnofu. Fascia ndi nembanemba yoyera ija imene mumaiona mukamasenda mbuzi kapena nkhuku, yokuta mnofu uliwonse ndi kuulekanitsa ndi unzake. Ifenso tili nayo thupi lonse. Ikakhala bwino, minofu imatsetsereka mosavuta ikamagwira ntchito. Ochita myofascial cupping amapaka mafuta pakhungu, n'kuika kapu, kenako n'kumaitsetsereza motsata mnofu, kapena kumuuza munthu kuti azitambasula mkono kapu ili pomwepo. Iwo amati kusisita kumakanikizira mnofu pansi pamene kapu imaukokera m'mwamba, ndipo kukokako kumamasula nembanemba yomangika.

Zimene achipatala angatsimikize ndi izi. Magazi amathamangira pamalo pamene pali kapu, ndipo pamatentha. Timitsempha ta m'khungu timene timamva kukoka ndi kukhudza timatumiza uthenga wambiri ku ubongo, ndipo uthengawo umaphimba wa ululu kwa kanthawi. N'chimodzimodzi ndi mmene mumadzisisitira mukagunda chigongono pachitseko. Komanso munthu amene wakhala chiweramire sabata yonse akagona phee kwa mphindi khumi wina akumusamalira, minofu imalekerera yokha. Koma zoti kapu imang'amba kapena kuwongola nembanemba mpaka kalekale, palibe umboni wokwanira.

Nanga madontho akuda aja? Ambiri amauzidwa kuti dontho likada kwambiri ndiye kuti pamenepo panali poizoni wambiri. Si zoona. Kukoka kwa kapu kumaphulitsa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndipo magaziwo amatayikira pansi pa khungu monga zimachitikira munthu akamenyedwa. Kuda kwa dontho kumangosonyeza kuti kapu inakoka mwamphamvu bwanji ndiponso inakhalitsa bwanji. Madonthowa amazilala okha pakapita masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri.

Kafukufuku wapeza zotani?

Akatswiri ayesa kulumika pa anthu odwala msana ndi khosi m'mayiko angapo. Mu kafukufuku wambiri, olumikidwa ankanena kuti ululu wachepa poyerekeza ndi anthu amene sanachitidwe chilichonse. Vuto ndi lakuti kafukufuku wotereyu ankachitika pa anthu ochepa, kwa nthawi yochepa, ndipo aliyense ankadziwa kuti walandira chithandizo kapena ayi. Munthu akakhulupirira kuti wathandizidwa, ululu umachepadi ndithu, ngakhale atapatsidwa chinthu chopanda mphamvu.

Pofuna kusiyanitsa mphamvu ya kapu ndi mphamvu ya chikhulupiriro, akatswiri a ku Brazil anachita kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya Journal of Physiotherapy. Anatenga anthu 90 amene ankavutika ndi msana kwa miyezi yoposa itatu, n'kuwagawa pawiri. Gulu lina ankalilumika ndi makapu enieni. Gulu linalo ankaliika makapu okhala ndi timabowo tobisika totulutsa mphamvu yokoka ija, ongomatidwa pakhungu. Onse ankalandira chithandizochi kamodzi pa sabata kwa masabata 8. Pamapeto pake magulu onse awiri anapezako bwino mofanana. Makapu enieni sanapose makapu onamizira.

Izi sizikutanthauza kuti amene akunena kuti anapepukidwa akunama. Kupepukidwako n'koona. Koma zikuonetsa kuti mbali yaikulu ya mpumulowo imachokera ku kugona, kukhudzidwa ndi manja a munthu wosamala, ndi chiyembekezo. Zimenezi mungazipeze kwanu popanda kugulitsa nkhuku kuti mulipire makapu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa limeneli. Mu Disembala 2023 bungweli linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka msana wopweteka kwa nthawi yaitali. Zimene linaika patsogolo ndi kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewero olimbitsa thupi, kusisita, uphungu, ndi mankhwala ena ochepetsa ululu.

Magazi akuda si magazi oipa

Apa ndi pamene ife achipatala timalimbikira kwambiri, chifukwa kumudzi kulumika kumene anthu amakudziwa n'kwa mphini. Nyanga ikachotsedwa, m'kati mumapezeka magazi akuda, oundana ngati chiwindi, ndipo wodwala amasonyezedwa kuti matenda aja ndi amenewa. Koma magazi a munthu aliyense, ngakhale wathanzi, amada ndi kuundana akakhala kunja kwa thupi kwa mphindi zingapo. Magazi amayenda thupi lonse osaima, choncho palibe oipa amene amakhala pamsana kudikira kuti achotsedwe. Ntchito yosefa magazi ndi ya impso ndi chiwindi.

Chimene chimatuluka ndi magazi abwino, ndipo ambiri mwa amayi ndi ana athu ali kale ndi magazi ochepa chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba ndi kuperewera kwa zakudya. Chimene chingalowe ndiye choopsa. Lumo limodzi kapena nyanga imodzi ikagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo ingathe kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kachilombo ka hepatitis B n'kolimba kwambiri moti kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Kupukuta lumo ndi nsalu kapena kutsuka nyanga ndi madzi ozizira sikukapha. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti ambiri amene anabadwa chakacho chisanafike sanalandire chitetezochi.

Palinso kafumbata, amene tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, malo omwe mlimi amakhalamo tsiku lonse. Mphini zopakidwa phulusa kapena mankhwala osinja zimathanso kuchita mafinya ndi kusanduka chilonda chachikulu, makamaka kwa odwala shuga.

Ngati wina watemedwa ndi lumo limene linatemera munthu wina, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Alipo mankhwala oteteza ku HIV amene amagwira ntchito pokhapokha atayambidwa maola 72 asanathe.

Ululu wina si wa minofu

Msana wopweteka chifukwa cha ntchito uli ndi khalidwe lake. Umakula munthu akawerama kapena kunyamula katundu, umachepa akapuma kapena kusintha kakhalidwe, ndipo munthuyo amadya bwino, thupi silitentha. Nthawi zambiri ululu wotere umachepa wokha masabata 6 asanathe. Koma nyengo ya fodya imabweretsanso matenda ena amene amavala chovala cha kutopa.

Oyamba ndi matenda a fodya wamuwisi. Masamba a fodya akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka m'manja, m'khwapa ndi pamimba pamene munthu amapanirira masamba. Patapita maola angapo, nthawi zambiri madzulo kapena usiku, mutu umayamba kuwawa, pamabwera nseru, kusanza, chizungulire, kupotokola m'mimba ndi kufooka kwa minofu. Munthu sanasute, koma thupi lake laledzera fodya. Kapu singayamwe nikotini amene ali kale m'magazi. Chofunika ndi kuvula zovala zonyowazo, kusamba ndi sopo, kumwa madzi ambiri ndi kupuma. Ambiri amachira pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, koma amene akusanza mosalekeza, kapena wafooka kwambiri, apite naye kuchipatala.

Achiwiri ndi poizoni wa mankhwala opopera mbewu. Munthu amene wapopera popanda zodzitetezera n'kuyamba kutuluka malovu ambiri ndi thukuta, minofu ikunjenjemera, maso akuona mwachimbuuzi, kapena akubanika, akufunika chipatala nthawi yomweyo. Mutengereni botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone dzina lake.

Achitatu ndi malungo. Miyezi yothyola fodya ndi yomweyonso imene udzudzu umachuluka. Kuphwanya kwa thupi kobwera pamodzi ndi kutentha, kuzizidwa kapena litsipa kumafuna kuyezetsa magazi, ndipo kuyezako kumatenga mphindi zochepa chabe.

Achinayi, amene amatidetsa nkhawa kwambiri, ndi TB ya msana. Anthu ambiri amadziwa TB ya m'mapapo yokha, koma tizilombo take timathanso kudya mafupa a msana pang'onopang'ono. Ululu wake umakhala pamalo amodzi, sumva kupuma, umakula usiku, ndipo munthu amaonda, kutuluka thukuta usiku ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Nthawi zambiri sakhosomola n'komwe. Ikapezeka msanga imachizika ndi mankhwala aulere a m'zipatala zathu. Ikachedwa, fupa limaphwanyika, pamsana pamatuluka linunda, ndipo miyendo ingathe kufa. Miyezi imene munthu amathera akuzungulira ndi nyanga ndi makapu ndi yomwe imasiyanitsa woyenda ndi wokwawa.

Matenda a impso ndi chikhodzodzo nawonso amapweteketsa m'chiuno, limodzi ndi kutentha thupi kapena kuwawa pokodza. Kwa amayi, msana wopweteka pamodzi ndi kutaya magazi mosayembekezereka kapena chikazi chonunkha ukufunika kuyezetsa khomo la chiberekero.

Zizindikiro izi zikaoneka, musadikire kuti kuche kawiri: miyendo kufooka kapena kuchita dzanzi, dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kulephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka zokha, ululu woyamba munthu atagwa kuchokera pachigafa kapena pangolo, ndi katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kutentha. Chomalizachi chingakhale magazi oundana mumtsempha, ndipo kusisita kapena kulumika pamenepo kungawathamangitsire kumapapo.

Mwana salumikidwa

Makolo, mwana wathanzi sadandaula msana kawirikawiri. Akadandaula kwa masiku angapo, pali chifukwa chimene chiyenera kufufuzidwa. Khungu la mwana ndi lofewa, sachedwa kuchita matuza, ndipo magazi ake ndi ochepa moti ngakhale otayika pang'ono amamufooketsa. Mwana amene amadwaladwala kupweteka kwa mafupa, maso achikasu ndi kuchepa magazi angakhale ndi matenda a sickle cell, ndipo kumutema mphini n'kumuonjezera mavuto. Mwana wopuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, angakhale ndi chibayo. Ameneyo akufunika mankhwala a kuchipatala lero lomwe, osati mphini za pachifuwa.

Tifunsenso kuti msana wa mwanayo watopa ndi chiyani. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo Kasungu linali limodzi mwa maboma amene anafikako. Lipotilo linati pa tsiku la chinyezi mwana wothyola fodya angathe kulowetsa m'thupi nikotini wofika mamiligalamu 54, wofanana ndi kusuta ndudu 50. Malamulo a dziko lino amaletsa mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo wake pachiswe. Mwana akabwera kumunda akusanza ndi kudandaula mutu, mankhwala ake oyamba ndi kumuchotsa m'fodya.

Wamkulu akafuna kuyesa

Alipo amene, atamva zonsezi, adzafunabe kuyesa kulumika kouma pa minofu yotopa. Ndi ufulu wawo, ndipo kwa munthu wamkulu wathanzi ngozi yake ndi yochepa akatsata izi.

Khungu lisatemedwe. Makapu akhale otsukidwa bwino ndi sopo ndi mankhwala opha tizilombo asanaikidwe pa munthu wina. Kapu ikoke pang'ono, isapitirire mphindi 5 mpaka 10 pamalo amodzi, ndipo ikayamba kuwawa ichotsedwe. Iikidwe pamnofu wokhawokha monga pamapewa ndi m'mbali mwa msana. Isaikidwe pachilonda, pachotupa, pazidzolo, pamitsempha yotupa ya m'miyendo, kutsogolo kwa khosi kapena kumaso. Pamalo pamene pali dontho pasabwerezedwe mpaka litazilala.

Za moto zisiyeni. Kuyatsa pepala kapena thonje la spiriti m'tambula ya tiyi n'kuvundikira pamsana pa munthu kumatha ndi zilonda zamoto, ndipo galasi wamba limasweka.

Ena sayenera kulumikidwa ngakhale kouma: ana, amayi oyembekezera, okalamba a khungu lopyapyala, amene ali ndi magazi ochepa kapena amene magazi awo sachedwa kutuluka, akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, odwala khansa, mtima kapena impso, a shuga amene zilonda zawo zimachedwa kupola, ndi aliyense amene thupi latentha.

Wokuthandizaniyo mumufunse kumene anaphunzira. Akadzitcha dokotala kapena katswiri wa mafizo, akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Akakuuzani kuti makapu amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka kapena HIV, kapena kuti musiye mankhwala a kuchipatala, nyamukani muzipita. Safunsa anadya phula.

Zimene zimathandizadi msana

Chithandizo chokhalitsa chili m'kagwiridwe ka ntchito. Msana sudana ndi ntchito, umadana ndi kukhala mopindika nthawi yaitali osasintha. Pothyola, mukamaliza mzere imirirani, gwirani m'chiuno, n'kuweramira kumbuyo pang'onopang'ono kangapo. Masamba a m'munsi athyoleni mutapinda mawondo kapena mutagwada ndi bondo limodzi. Posoka ndi posankha, khalani pakampando kapena ikani fodya pathandala lokwera m'malo mokhala pansi miyendo ili chitambasulire tsiku lonse. Sinthanani ntchito pabanja kuti wothyola m'mawa asakhalenso wokweza mikangala madzulo.

Belo la fodya limalemera makilogalamu pafupifupi 100. Si katundu wa munthu mmodzi, ngakhale akhale wamphamvu chotani. Nyamulani awiri kapena atatu, katundu ali pafupi ndi thupi, mukudzuka ndi miyendo, osapotoza chiuno. Nthawi ya nazale, kunyamula makeni awiri osadzaza kwambiri, wina uku wina uku, kuli bwino kuposa chidebe chimodzi cholemera mbali imodzi.

Podziteteza ku fodya wamuwisi, dikirani mame aume ngati n'kotheka. Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi, ndipo pepala la pulasitiki loboola pakati lingathe kukhala chovala chotchinga chifuwa ndi mimba. Zovala zikanyowa sinthani, ndipo sambani m'manja musanadye.

Msana ukapweteka, musagone pamphasa masiku ambiri. Kugona kwambiri kumaumitsa minofu. Pumani ku ntchito yolemetsa tsiku limodzi kapena awiri, koma muziyendayenda. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda bwino kwa mphindi 15 kapena 20 ndi kusisitana ndi mafuta pang'ono kumapereka mpumulo womwe anthu amaufuna m'makapu, popanda dontho kapena malipiro.

Pa mankhwala samalani. Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi a banja limodzi, choncho kumwa awiri nthawi imodzi sikuonjezera mphamvu koma ngozi. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa munthu amene watuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi. Amwedwe mutadya, kwa masiku ochepa, ndipo oyembekezera, a zilonda za m'mimba ndi a vuto la impso awapewe. Mapiritsi osalembedwa dzina ogulitsidwa pamsika musawakhulupirire.

Ululu ukapitirira masabata 6, kapena ukamabwerera chaka ndi chaka, yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko. Iwo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Kasungu kuti akakuoneni oona za mafupa ndi a mafizo, amene amaphunzitsa masewero olimbitsa msana ndi mimba. Zofuna akatswiri aakulu zimatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mawu kwa mavolontiya

Inu ndi amene mumafika pakhomo adokotala asanamuone wodwala. Mukapeza munthu ali ndi madontho a makapu kapena mphini zatsopano, musamunyoze. Munthu wonyozedwa amabisa, ndipo ulendo wina sadzakuuzani kanthu. Mufunseni modekha kuti ululu unayamba liti, ngati thupi likutentha kapena akuonda, ngati miyendo ili ndi mphamvu ndipo akukodza bwino, ngati anagwira fodya wonyowa kapena kupopera mankhwala, ndiponso ngati lumo linali latsopano. Yankho limodzi lokha lodetsa nkhawa likwanira kuti mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi kumutumiza wodwalayo kuchipatala.

Olumika ndi asing'anga a m'mudzi musawatenge ngati adani. Anthu amawakhulupirira, ndipo ambiri amamva mukakhala nawo pansi mwaulemu. Kambiranani nawo zinthu zitatu: asateme ana ndi amayi oyembekezera, lumo lisagwire anthu awiri, ndipo wodwala wotentha thupi, woonda kapena wofooka miyendo amutumize kuchipatala asanamugwire. Nkhani yomweyi ifikenso kumakalabu a alimi, kumipingo, kumizikiti ndi kumisonkhano ya mafumu nyengo yothyola isanayambe.

Msika wa fodya umatsekulidwa chaka chilichonse, koma msana munthu amapatsidwa umodzi. Musanaike kapu kapena nyanga pamalo popweteka, yambani mwadziwa chimene chikupweteketsa.